Momwe tikukonzera mabuku ndi malamulo a kopaletivi yathu ya soya ku Mchinji

18 Novembala 2023: Kulandira katoni

Sabata yatha anandisankha kukhala mlembi wa kopaletivi yathu ya alimi a soya ndi mtedza kuno ku Mchinji. Tilipo mamembala 86, ambiri ndi amayi, ndipo gulu lathu linalembetsedwa kwa Registrar wa makopaletivi ku unduna wa zamalonda, motsatira lamulo la Cooperative Societies Act la 1998. Ndizilemba zimene tikuchita, zotheka ndi zolephereka zomwe, kuti anzathu a magulu ena asapunthwe pamene ife tapunthwa.

Lero ndalandira katundu yense wa ofesi, ndipo wakwana m'katoni imodzi ya sopo. Muli mabuku awiri a hadikava, lina linanyowa mpaka inki kufalikira, malisiti omangidwa ndi mphira, chidindo, buku la macheke, satifiketi, ndi malamulo a gulu olembedwa m'Chingerezi amene palibe membala wawawerengapo mpaka kumapeto. Chimene chandiopsa ndi buku la macheke. Macheke anayi ndi osainidwa kale ndi anthu awiri, koma malo a ndalama ndi dzina ali opanda kanthu. A wapampando akale anandifotokozera mosabisa kuti ankatero chifukwa kubanki n'kutali, ndiye msungichuma asamavutike kuwafunafuna. Ndawalemba mizere iwiri ndi mawu oti athetsedwa, pamaso pa anthu atatu.

2 Disembala 2023: Pakamwa K2,115,000, kubanki K1,340,000

Ndinapita kuboma kukatenga sitetimenti ya kubanki ya miyezi 12. Kabaza ndi minibasi kupita ndi kubwerera K9,000, kuphatikiza zolipira sitetimentiyo ndi fotokope zinakwana K14,500. Pamsonkhano wa masankho, a msungichuma akale anatiuza kuti gulu lili ndi K2,115,000, ndipo tinaomba m'manja. Pepala la kubanki likuti K1,340,000. Zikusowa K775,000.

Usiku umenewo sindinagone. A msungichuma ndi bambo aulemu wawo, mkulu wa mpingo, ndipo ndi amene anandiitana kulowa m'gululi. Komanso kwacha yangogwa ndi 44 peresenti mwezi wathawu, kotero ndalama imene ilipoyo sigulanso feteleza ndi mbewu zimene ikanagula mu Okutobala. Kusowa kwa K775,000 kukupweteka kawiri.

Tagwirizana ndi a wapampando atsopano, mayi wolimba mtima amene amalima maekala atatu okha, kuti tisatchule mawu oti kuba mpaka titawerenga pepala lililonse.

6 Januwale 2024: Kutsata ndalama

Zatitengera masiku asanu ndi limodzi, tili anayi pa mphasa m'kalasi ya sukulu ya mkaka, kuyala malisiti motsata madeti. Ndinagula buku latsopano la hadikava K4,500, kakyuleta K8,000, zolembera, rula ndi sitepula K6,200. A msungichuma akale tinawapempha kuti akhale nafe, ndipo anabwera tsiku lililonse. Zimenezi ndikuwayamikira, chifukwa zambiri zinali m'mutu mwawo basi.

Tapeza kuti K310,000 inabwerekedwa kwa anthu asanu ndi awiri a m'bodi yakale ndi abale awo, popanda kalata, popanda tsiku lobweza. K180,000 inapita ku maalawansi ndi thiransipoti ya maulendo amene sanalembedwe m'maminitsi. K120,000 inali zipepeso za maliro asanu. K95,000 inali mu Airtel Money pa foni ya a msungichuma, itasakanikirana ndi ndalama zawo za pakhomo, chifukwa ogula ena ankatumiza pa nambala yawoyo. Yotsala K70,000 sitinaipeze, ndipo ndikukayika ngati tidzaipeza.

Nditaona zonsezi mtima wanga unasintha. Ndinkayembekeza kupeza mbava, koma ndapeza munthu mmodzi amene tinamusenzetsa zonse: ndiye ankayeza mbewu, kulemba lisiti, kulandira ndalama, kusunga makiyi ndi kulemba buku. Wina akafika pakhomo pake usiku ali ndi mwana wodwala malungo, akanakana bwanji ndalama zili m'chikwama pamutu pa bedi? Iwo eni anati, "Mayi mlembi, inu simunakhalepo ndi ndalama za gulu m'nyumba anthu akudziwa. Chibale n'fupa, sichiola. Ndikanawabweza bwanji alamu anga?" Sindikuti analondola. Ndikuti tonse 86 tinakonda kuti zikhale choncho, chifukwa aliyense ankadziwa kuti tsiku lina adzafunanso kugogoda pakhomo lomwelo.

Ndalama ya pa foni abweza tsiku lomwelo. Obwereka asanu ndi awiri aja asainira kalata yobweza akakolola.

20 Januwale 2024: Kulakwitsa kwanga

Ndinalemba mayina a angongole ndi ndalama zawo papepala lalikulu n'kulimata pachitseko cha nkhokwe. Ndinkati ndiko kuchita zinthu poyera. Mmodzi mwa iwo ndi mayi wamasiye amene anabwereka K25,000 ya bokosi la maliro a mwamuna wake, ndipo anamva za pepalalo kuchokera kwa ana a sukulu. Anabwera kwathu akulira, nati achoka m'gulu. Anthu enanso anayi anati achoka naye.

Ndinachotsa pepalalo ndipo ndinapita kukapepesa ndi a wapampando, a nyakwawa alipo. Tsopano tagwirizana chonchi: chiwerengero chonse cha ngongole chizimatidwa poyera, koma mayina aziwerengedwa pamsonkhano wa mamembala okha, ndipo munthu aziyamba wauzidwa payekha kawiri. Mayiyo sanachoke.

10 Febuluwale 2024: Matumba 23

Buku lakale likuti chaka chatha tinalandira matumba 412 a soya a makilogalamu 50, koma tinagulitsa 389. Apa ndi pamene anthu ankalozerana zala kwambiri, ena mpaka kunena kuti mlonda ankatulutsa matumba usiku pa njinga.

Mnyamata wina wa m'gulu anati tiyambe tayesa sikelo. Tinabwereka mapaketi a shuga a kilogalamu imodzi okwana 20 kugolosale, tinawapachika pa sikelo yathu ya koloko ija, ndipo muvi unapitirira 20. Titawerengera, thumba limene sikelo inkati ndi 50 linali pafupifupi 48.5. Kilogalamu imodzi ndi theka pa matumba 412 ndi makilogalamu 618, kutanthauza matumba 12 amene tinawalipira koma sanalowepo m'nkhokwe. Wogula wa ku Lilongwe anayeza pa sikelo yake yolondola, ife n'kumadabwa.

Matumba asanu anaperekedwa ngati mbewu ya ngongole, osalembedwa, ndipo olandira avomera okha. Asanu ndi limodzi otsalawo tikukhulupirira kuti anathera m'chinyezi ndi makoswe, poti tinkalandira soya wosauma bwino kumayambiriro kwa Epulo, amene amapepuka akakhala m'nkhokwe. Mlonda uja takamupepesa. Anakhala miyezi isanu ndi itatu anthu akumuyang'ana ndi diso loipa pa mlandu wa sikelo yotha.

Tavomereza kugula sikelo ya batire yoyezera pansi, ndipo tidzaipereka kwa a Malawi Bureau of Standards, amene amayesa masikelo a malonda, kuti aidinde isanayambe ntchito. Tapatula K260,000. N'zowawa chaka chino pamene mvula yadula ndipo soya akufota m'minda, koma matumba 12 aja anali a ndalama yoposa pamenepo.

2 Malichi 2024: Malamulo m'Chichewa

Takhala Loweruka atatu tikumasulira malamulo a gulu, mothandizidwa ndi mlangizi wa zamalonda a ulimi wa dera lino ndi mphunzitsi wina wopuma. Kutayipa ndi kusindikiza makope 30 kwatenga K38,000. Chodabwitsa n'chakuti zambiri zimene ndinkafuna kuyambitsa zinalimo kale: komiti yoyang'anira yosiyana ndi bodi, msonkhano waukulu chaka chilichonse, kuti mabuku aziunikidwa ndi odita, kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a phindu lizisungidwa osagawidwa. Zonsezi zinagona m'katoni chifukwa cha chilankhulo.

Zimene tawonjeza, kudikira kuti msonkhano waukulu uvomereze ndi kuti zitumizidwe kwa Registrar, ndi izi. Woyeza mbewu asakhale wolipira, ndipo wolipira asakhale wolemba buku. Osainira kubanki akhale atatu, awiri azisaina limodzi, cheke chisasainidwe chopanda kanthu. Ndalama ya m'manja isapitirire K50,000, yoposa apo ikagone kubanki pasanathe masiku awiri. Nkhokwe ikhale ndi maloko awiri, kiyi wina kwa wosunga katundu, wina kwa membala wa komiti yoyang'anira. Wa m'bodi akhale zaka zitatu, akhoza kubwereza kamodzi kokha.

Mfundo imene inavuta ndi ya chibale. Komiti yoyang'anira yakale inali ndi apongozi a wapampando ndi mphwake wa msungichuma. M'mudzi ngati wathu aliyense ndi mbale wa wina, ndiye titati tiletse abale onse sipakanatsala munthu. Tangoletsa mwamuna ndi mkazi wake, kholo ndi mwana, abale a bere limodzi, ndi apongozi, kuti asakhale wina m'bodi wina m'komiti yoyang'anira.

Za maliro tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Palibe amene anafuna kuti gulu lisiye kupepesa anamfedwa, inenso sindinafune. Tatsegula thumba lapadera, aliyense aziponya K500 pamwezi, lili ndi buku lakelake, ndipo ndalama ya masheya isakhudzidwenso pa maliro.

23 Malichi 2024: Msonkhano walephereka

Anabwera anthu 31 okha chifukwa kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo, ndipo malamulo athu amafuna theka la mamembala kuti chigamulo chigwire ntchito. Ena anati tingopitiriza, tidzalembe kuti analipo ambiri. A wapampando anakana. Mpunga ndi nyemba za K42,000 zimene tinaphika tinazitumiza kusiwa.

6 Epulo 2024: Munthu mmodzi, voti imodzi

Ulendo uno tinalipo 67. Poitana mayina m'kaundula tinapeza kuti anthu anayi anamwalira kale koma masheya awo akadali m'dzina lawo, ndipo ana awo akhala akuvota ngati mamembala. Tapatsa aliyense fomu yolemba womulowa m'malo, ndipo mabanja anayiwo asankhe kulowa m'gulu mwadongosolo kapena kulandira ndalama ya masheya.

Bambo wina, mlimi wamkulu amene ali ndi masheya 40 a K5,000 iliyonse, anaimirira n'kunena kuti n'zosamveka kuti iye akhale ndi voti yofanana ndi ya munthu wa sheya imodzi. Sanalankhule mwachipongwe, ndipo funso lake linali lomveka, chifukwa ndalama zake ndi zimene zinakhoma malata a nkhokwe. Mlangizi anafotokoza kuti apa ndi pamene kopaletivi imasiyanira ndi kampani, kuyambira kwa anthu oluka nsalu a ku Rochdale ku England amene anatsegula sitolo yawo mu 1844, mpaka pa mfundo zisanu ndi ziwiri zimene bungwe la International Co-operative Alliance linakhazikitsa mu 1995. Koma amene anathetsa nkhaniyo ndi agogo ena aakazi, amene anati, "Achimwene, masheya anu adzakupatsani gawo lalikulu pa phindu, zimenezo sitikukana. Koma mukatenganso mavoti, ifeyo tidzangokhala aganyu anu." Bamboyo anakhala pansi, ndipo povota anakweza nawo dzanja.

Panabukanso maganizo oti tiyambe kubwereketsana ndalama ndi chiwongoladzanja. Tawaika pambali. Kusunga ndi kubwereketsa ndalama ndi ntchito ya ma SACCO, amene ali ndi lamulo lawo la Financial Cooperatives Act la 2011 ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Ife satifiketi yathu ndi ya ulimi ndi malonda a mbewu. Ngongole yathu izikhala ya mbewu ndi inokyulanti (mankhwala opaka mbewu ya soya pobzala) basi, yolembedwa, yodulidwa pogulitsa. Wofuna ngongole ya ndalama ali ndi banki mkhonde.

20 Epulo 2024: Malisiti ndi banki

Ndinaitanitsa mabuku 10 a malisiti a masamba atatuatatu: loyera la mlimi, lachikasu la msungichuma, lapinki lotsala m'buku. Atabwera anali opanda manambala, chifukwa sindinawauze osindikiza kuti adinde manambala otsatana. Lisiti lopanda nambala munthu akhoza kuling'amba, kulembanso lina, osadziwika. K65,000 inapita, ndipo ndinalipiranso K22,000 kuti awadinde manambala. Amene mukufuna kusindikiza, nenani zimenezi musanapereke dipoziti, ndipo buku lililonse lilembedwe m'kaundula: likuyambira nambala yanji, likuthera pati, watenga ndani.

Kusintha osainira kubanki kwatenga maulendo atatu. Loyamba tinaiwala maminitsi osainidwa ndi odindidwa. Lachiwiri mmodzi wa ife chiphaso chake cha unzika chinali chitatha ntchito. Maulendo onse K54,000. Konzani maminitsi, satifiketi, malamulo a gulu, ziphaso ndi zithunzi mu envulopu imodzi musananyamuke. Tagulanso foni ya mabatani ya K28,000 ndi nambala ya gulu yolandirira ndalama za ogula. Foni imakhala ndi mlembi, nambala yachinsinsi ili ndi msungichuma.

25 Meyi 2024: Mavenda atipyola

Apa ndi pamene dongosolo lathu latiluma. Kale mlimi akabweretsa thumba ankalandira ndalama pomwepo kuchokera m'chikwama cha a msungichuma. Tsopano ayeze, alandire lisiti, adikire vawucha isainidwe, awiri apite kubanki, ndalama ibwere. Zimatenga masiku asanu, nthawi zina sabata. Venda ali pamsewu ndi sikelo yake ndi ndalama m'manja, ndipo chaka chino cha njala, pamene boma linalengeza mu Malichi kuti maboma 23 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, palibe mayi angadikire sabata ana akugona ndi njala. Masabata atatu oyamba talandira matumba 58 okha. Ngakhale ena a m'bodi agulitsa kwa mavenda usiku. Ndikuwamvetsa, ngakhale zikundiwawa.

Ena ayamba kunena kuti zakale zinali bwino. Ndaganizira kwambiri mawu amenewa. Malamulo amene akuchititsa kuti mlimi athawe gulu lake sangakhalitse, angakhale olondola bwanji papepala. Koma kubwerera ku chikwama cha pamutu pa bedi sindingavomere.

Tayesa izi: masiku ogula akhale awiri okha, Lachiwiri ndi Lachisanu. Dzulo lake awiri akatenge ndalama yoyerekezedwa, bodi itavomereza m'maminitsi. Patsikulo pakhale matebulo atatu, loyezera, lolembera lisiti ndi lolipirira, wa komiti yoyang'anira atakhala pambali. Mlimi alandire magawo asanu ndi awiri mwa khumi pomwepo, zotsala tikagulitsa. Madzulo tiwerenge ndalama yotsala, malisiti ndi matumba, zitatuzi zigwirizane tisanatseke maloko. Lamulo la K50,000 lija bodi yaliimitsa kaye pa masiku awiriwa okha, ndipo tidzapempha msonkhano waukulu kuti ulilembe bwino.

15 Juni 2024: Zayamba kuyenda

Tafika pa matumba 203. Ndi theka la chaka chatha, koma mvula inatilanda zambiri, ndipo mavenda anatenga zawo m'masabata oyamba aja. Khadi la m'nkhokwe likuti 203, ndipo titawerenga ndi manja tapeza 203. Soya wonyowa tikumubweza kuti akaumitsidwe. Tilibe makina oyezera chinyezi, tikudalira kuluma ndi mano ndi kumva kulira kwake m'dzanja, choncho takonza zodzagula makinawo chaka chamawa.

Lachisanu lina ndalama ndi buku zinasiyana ndi K46,000 ndipo tinakhala mpaka usiku ndi tochi. Linali vuto langa: lisiti limodzi ndinalilowetsa kawiri m'buku. Amene analipeza ndi mtsikana wa komiti yoyang'anira, amene anamaliza Fomu 4 chaka chatha, potsata manambala a malisiti limodzilimodzi. K22,000 ya manambala ija inabwerera usiku umenewo. Sindinafufute. Ndinadula mzere umodzi, kulemba chifukwa pambali, ndipo tinasaina awiri.

10 Ogasiti 2024: Odita

Lamulo limafuna kuti mabuku a kopaletivi aziunikidwa chaka chilichonse ndi kuti malipoti azipita kwa Registrar. Ife tinatha zaka zitatu osachita. Odita wakhala nafe masiku awiri, ndipo zonse pamodzi ndi thiransipoti ndi chakudya zatenga K210,000. Anthu anadandaula kuti ndi matumba angati a soya amenewo, koma bungwe lina limene tinakapemphako makina osendera mtedza linatibweza chaka chatha chifukwa chosowa lipoti lomweli.

Watipezera zolakwika zitatu. Tilibe kaundula wa katundu wa gulu, moti sikelo, malona, mipando ndi foni sizinalembedwe paliponse. Mavawucha 14 alibe siginecha ya wolandira ndalama. Ndipo buku lathu sitinkaliyerekeza ndi sitetimenti ya kubanki mwezi ndi mwezi, choncho ndalama zimene banki imadula pa akaunti sizinkaoneka m'buku. K70,000 ija watilangiza kuti tisaibise m'mizere ina, ilembedwe payokha ngati yosowa, mamembala agamule.

Pa angongole asanu ndi awiri aja, asanu amaliza. Mmodzi wabweza theka. Mmodzi, yemwe anali wachiwiri kwa wapampando, sanaperekepo kanthu pa K90,000 ndipo wasiya kubwera kumisonkhano.

28 Seputembala 2024: Msonkhano waukulu

Tinalipo 74. M'malo mowerenga lipoti mothamanga, tinalemba ziwerengero pa bolodi la sukulu: zolowa mbali ino, zotuluka mbali inayo, mzere uliwonse kuuwerenga mokweza kawiri ndi kudikira mafunso. Zinatenga maola atatu. Mayi wina amene sindinamumvepo akulankhula pamsonkhano anafunsa chifukwa chake thiransipoti ya mu Epulo inafika K54,000, ndipo ndinatulutsa mavawucha atatu a maulendo a kubanki aja, kufotokoza zimene tinaiwala. Anagwedeza mutu nati ulendo wina tizionetsetsa tisananyamuke.

Titachotsa zonse, phindu la chaka chino ndi K640,000. K160,000 yapita ku thumba losungidwa. K120,000 yagawidwa motsata masheya, ndipo K360,000 yagawidwa motsata makilogalamu amene munthu anagulitsa kudzera m'gulu. Amene anapita kwa mavenda aona okha kusiyana pamene anzawo amalandira bonasi, ndipo panali kung'ung'udza, koma lisiti loyera lili m'manja mwa aliyense.

Za K70,000, a msungichuma akale anaimirira okha n'kunena kuti popeza inasowa ili m'manja mwawo, apereka matumba awiri a chimanga akakolola, ndalama yotsalayo gulu liwakhululukire. Tinavota, 61 anavomera. Za bambo wa K90,000 uja, msonkhano wagamula kuti alembedwe kalata yomaliza ya masiku 30, ikapanda kuyankhidwa ndalamayo idulidwe ku masheya ake monga malamulo athu akunenera. Kalatayo ndailemba usiku uno, ndipo mawa tikaipereka ndi a wapampando tikatuluka kutchalitchi. Lolemba ndikupita kuboma ndi envulopu ya lipoti la odita, maminitsi ndi malamulo osinthidwa kuti zipite kwa Registrar, kenako ndiyambe kaundula wa katundu, kuyambira pa sikelo.